Mowa wotsala kegi ikadzaza: mmene mungausamalire kuti usawonongeke

Funso ili limachokera kwa pafupifupi aliyense amene wangogula kegi yake yoyamba, chigubu chachitsulo chosungiramo mowa wofulula kunyumba: "Achimwene, kegi yadzaza koma m'ndowa mwatsala mowa, nditani nawo?" Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amafunsa mowawo utakhala kale maola angapo m'ndowa yosavindikira, ena mpaka mawa lake. Ndayankha pafoni, ndayankha pamaso, tsopano ndalemba pano kuti wina akafunsanso ndizingomulozera.

Vutoli gwero lake ndi miyeso yosagwirizana. Kegi imene ambiri tili nayo muno mu Lilongwe ndi ya mtundu wa Cornelius, ija poyamba inkanyamula zakumwa za Pepsi ndi Coca-Cola, ndipo imalowa malita 19. Koma zitini za chimera chophika kale zimene timaitanitsa ku Johannesburg, monga za Coopers, anazipangira malita 23. Mukachotsa lita imodzi kapena imodzi ndi theka ya nsenga zotsala pansi pa ndowa, malita awiri ndi theka kapena atatu amasowa kolowera. Amenewo ndi mabotolo 8 kapena 9 a 330 ml. Mowa wotere sungatayidwe, makamaka tikakumbukira kuti chimera, hops (maluwa opatsa mowa fungo ndi kuwawa) ndi yisiti zinalowera pa Dedza kapena pa Mwanza zitagulidwa ndi ndalama zakunja.

Yankho langa ndi lakuti mowa umenewu upite m'mabotolo tsiku lomwelo, ndipo mabotolowo akhale okonzeka musanavundukule ndowa. Ukangokhala pamtetete umamwa mpweya wa oxygen, fungo la hops limathawa, ndipo pakapita masabata angapo umayamba kumveka ngati katoni yonyowa. M'nyengo ya mango mumabweranso tintchentche tating'onoting'ono tija timazungulira zipatso, ndipo timanyamula tizilombo tosandutsa mowa kukhala viniga.

Dziwani kuti ndikunena za mowa wa balere wosefeka, umene umawira mpaka kusiya. Masese ndi nkhani ina. Iwo timamwa akuwirabe, n'chifukwa chake paketi ya Chibuku imakhala ndi kabowo pamwamba kotulukira gasi. Masese kapena thobwa losasa musayerekeze kutsekera m'botolo lagalasi, lidzaphulika.

1. Tsimikizani kuti mowa wasiyadi kuwira

Kegi imakhululuka. Ndi yachitsulo, ili ndi valavu yotulutsa gasi akachuluka, ndipo imakhala m'firiji momwe yisiti imagona. Botolo lagalasi lilibe zonsezi. Choncho mowa umene ungalowe m'kegi popanda vuto ukhoza kukhala woopsa m'botolo.

Musadalire airlock, kaja ka pachivindikiro kamene kamachita thovu mowa ukamawira. Kamatha kukhala chete chifukwa chivindikiro chikutulutsa gasi m'mbali, kapena chifukwa usiku wa mu Juni wazizira, yisiti n'kuima kaye ntchito isanathe. Choyezera chodalirika ndi hydrometer, kagalasi koyandama kamene kamasonyeza kuchuluka kwa shuga wotsala mu mowa. Yezani lero, lembani nambala. Yezaninso pakapita masiku atatu, nthawi yofanana ya tsiku kuti kutentha kukhale kofanana. Nambala ikakhala yomweyo, ndipo ili pafupi ndi imene malangizo a mowawo ananena, nthawi zambiri pakati pa 1.008 ndi 1.014, pitirirani. Ikatsika ngakhale pang'ono, dikirani.

Chifukwa chake ndi ichi. Ofulula mowa timayeza gasi ndi muyeso wotchedwa volume: volume imodzi ndi lita imodzi ya gasi wa CO2 yosungunuka mu lita imodzi ya mowa. Mowa wa m'sitolo umakhala ndi mavolume pafupifupi 2.5. Nambala ya pa hydrometer ikatsika ndi 0.001 mowa uli kale m'botolo, gasi amawonjezeka ndi pafupifupi theka la volume. Mowa wotsekeredwa pa 1.013 umene ukanafika pa 1.010 umapanga mavolume 1.5 owonjezera pamwamba pa amene inu munafuna. Pamenepo mwayandikira mavolume 4, pomwe botolo wamba la mowa siliyenera kupitirira kwambiri mavolume atatu.

2. Werengani malita, kenako sankhani mabotolo

Ndowa yanu ikhale ndi zizindikiro za malita. Ngati ilibe, tsiku lina ili yopanda kanthu thiranimo madzi lita imodzi imodzi n'kumalemba kunja ndi cholembera chosafufutika. Pa tsiku lothira, werengani malita amene alimo, chotsani a nsenga, chotsaninso 18.5 a m'kegi (siyenera kudzaza mpaka pakamwa, onani gawo 5). Otsalawo ndiwo a m'mabotolo. Konzani botolo limodzi kapena awiri oposera pa chiwerengero chimene mwapeza.

Mabotolo oyenera ndi okhawo amene munali chakumwa cha gasi. Agalasi obweza, a mowa kapena a zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndi olimba chifukwa anawapanga kuti azizungulira kangapo, koma amafuna zitsekerero zatsopano ndi chida chotsekera. Liyang'anitseni botolo lililonse padzuwa, ndipo lokhala ndi mng'alu kapena lobenthuka pakamwa lichotseni. Abulauni ndiwo abwino. Obiriwira ndi oyera amalowetsa kuwala, kumene kumasintha zowawa za hops n'kubweretsa fungo loipa m'kanthawi kochepa, choncho ngati muli ndi obiriwira okha muziwasunga mumdima.

Kwa munthu amene akungoyamba kumene, ine ndimalimbikitsa mabotolo apulasitiki a Coca-Cola, Fanta kapena Sprite, a 500 ml kapena a malita awiri. Safuna chida chotsekera, amapirira gasi wambiri kuposa agalasi, ndipo mumatha kumva ndi dzanja mmene gasi akuchulukira. Kuipa kwake n'kwakuti pulasitiki imalowetsa oxygen pang'onopang'ono, choncho mowa wake umwedwe isanathe miyezi iwiri kapena itatu. Fungo la Fanta limakakamiranso ku pulasitiki. Viikani botololo m'madzi a soda wophikira usiku wonse, mukanunkhiza n'kumvabe lalanje lisiyeni.

Mabotolo a madzi akumwa, a Sobo wosungunula, a jini, a vinyo wopanda gasi, mitsuko ya jamu ndi zigubu za mafuta ophikira, zonsezi ayi. Sizinapangidwe kuti zisunge gasi.

Pali chinthu china chimene mabuku akunja satchula koma kwathu kuno n'chofunika. M'nyumba zathu mumakhala ana, athu ndi a achibale, ndipo mwana akaona botolo la Fanta m'firiji amadziwa kuti ndi lake. Matulani chipepala cha kampani, matani tepi yolembedwa kuti MOWA pamodzi ndi tsiku lothira, ndipo mabotolowo akhale pamalo pamene mwana safikira.

3. Tsukani, kenako iphani tizilombo

Izi ndi ntchito ziwiri zosiyana. Kutsuka ndi kuchotsa litsiro looneka, ndi sopo wa mbale wopanda fungo ndi burashi ya mabotolo. Botolo limene pansi pake pali nkhungu yakuda yosachoka musalimbane nalo, litayeni. Kupha tizilombo kumabwera pambuyo, patangotsala mphindi zochepa kuti muthire.

Ngati muli ndi Star San, mankhwala opha tizilombo amene ofulula mowa amagwiritsa ntchito, sungunulani 1.5 ml pa lita ya madzi, khutchumulani m'botolo, dikirani mphindi ziwiri, khuthulani. Osatsukuluza, thovu lake silivulaza mowa. Ngati mulibe, Jik wopanda fungo amagwira ntchito: 4 ml pa lita ya madzi ozizira, mabotolo aviikidwe mphindi 20, kenako muwatsukuluze bwinobwino ndi madzi owiritsa amene azizira. Chlorine akatsalira amakumana ndi mowa n'kupanga kakomedwe konga ka mankhwala a kuchipatala, ndipo sikachoka. Madzi a pampopi osawiritsa musatsukuluzire, chifukwa mubwezeramo tizilombo timene mwangopha kumene. Jik asakhudze kegi, amadya chitsulo chake. Madzi otentha kwambiri asalowe m'botolo lapulasitiki, limakwinyika. Zitsekerero, payipi, kampopi ka ndowa ndi sirinji ya m'gawo lotsatirali, zonse zilowe m'mankhwala omwewo.

4. Yezani shuga wa botolo lililonse

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndiye ndikhalitsapo.

Mowa wa m'kegi umalandira gasi kuchokera mu silinda ya CO2. Wa m'botolo umadzipangira wokha: mumaupatsa shuga pang'ono, yisiti yotsalira imadya shugayo, ndipo gasi wotuluka amasowa kothawira n'kusungunuka mu mowa. Malangizo ambiri amangonena shuga wa ndowa yonse ya malita 23, kuti musungunule n'kuthira m'ndowamo. Inu simungatero, chifukwa malita 18.5 akupita m'kegi ndipo safuna shuga. Mukuyenera kuyeza wa botolo lililonse palokha, ndipo miyeso yake ndi yaing'ono kwambiri moti kulakwitsa pang'ono kumasintha zambiri.

Magalamu 4 a shuga wa patebulo pa lita imodzi ya mowa amapanga pafupifupi volume imodzi ya gasi. Komanso mowa umene wangosiya kuwira umakhala kale ndi gasi wina. Kuchuluka kwake kumadalira kutentha kwakukulu kumene mowawo unafika utasiya kuwira, pakuti mowa wofunda sugwira gasi wambiri. Pa madigiri 20 umasunga pafupifupi 0.85 ya volume, pa madigiri 25 pafupifupi 0.75. Manambala amenewa ndi a malo a m'mphepete mwa nyanja yamchere. Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, mpweya wa kuno ndi wopepukirapo, choncho mowa wathu umatsala ndi gasi wocheperako, chapakati pa 0.65 ndi 0.75. Ngakhale mutauika m'firiji masiku awiri kuti nsenga zikhazikike, gasi amene anathawa uli wofunda sabwerera, ndiye powerenga gwiritsani ntchito kutentha kwa m'chipinda chimene unawirira.

Tikaphatikiza zonsezi, magalamu 6 pa lita amatifikitsa pa mavolume 2.2 mpaka 2.3, amene ndi abwino kwa mitundu yambiri ya ale ndi stout. Magalamu 7 pa lita amatifikitsa pafupi ndi 2.5, ngati lager wa m'sitolo. M'botolo lagalasi musapitirire 7. Ine ndimaima pa 6, chifukwa mowa wochepa gasi pang'ono umamwekabe, pomwe wochuluka gasi umathera pansi potsegula.

Tsono magalamu 6 pa lita ndiye kuti magalamu awiri okha m'botolo la 330 ml. Kasupuni ka tiyi kosefukira pang'ono ndi kosalaza zimasiyana ndi galamu yathunthu kapena kuposa, ndipo timasupuni ta m'makhitchini mwathu si tofanana kukula. Sikelo zambiri za m'khitchini nazonso siziwerenga bwino zinthu zopepuka chonchi. Mukamathira shuga wouma ndi supuni, botolo lina lidzakhala lopanda gasi, lina lidzasefukira, zonse za m'ndowa imodzi.

Njira yodalirika ndi kusungunula shuga n'kumuyeza ndi sirinji. Pitani ku famase mukagule sirinji yatsopano ya 10 ml kapena ya 20 ml, singano yake simukuifuna. Yezani magalamu 50 a shuga, muyeso umene sikelo wamba imautha bwino. Shuga wa Illovo amene tonse timagula ndi wokwanira, woyera kapena wabulauni, pamuyeso waung'ono chonchi simungamve kusiyana. Muikeni m'kapoto koyera ndi madzi pafupifupi 200 ml, wiritsani mphindi zisanu, vindikirani mpaka azizire. Kenako thirani m'jagi yoyezera imene mwaipha tizilombo, n'kuwonjezera madzi owiritsa mpaka zonse pamodzi zifike pa mzere wa 250 ml. Mvetsani bwino pamenepa: 250 ml ndi shuga ndi madzi pamodzi. Mukathira shuga m'madzi okwana kale 250 ml, muyeso udutsa ndipo masamu onse asokonekera.

Tsopano 5 ml iliyonse ya madzi a shugawa ili ndi galamu imodzi. Botolo la 330 ml lilandire 10 ml. La 500 ml lilandire 15 ml. La 750 ml lilandire 22 ml, la malita awiri 60 ml. Mwachidule, 30 ml pa lita iliyonse ya mowa. Ngati mukufuna gasi wa lager, ikani 35 ml pa lita. Botolo limene simukudziwa kukula kwake lidzazeni madzi kaye n'kuwakhuthulira m'jagi yoyezera, musaganizire.

Ndandalikani mabotolo onse patebulo, thirani shuga kuyambira kumanzere kupita kumanja, ndipo lililonse lolandira shuga mulisunthire kutsogolo n'kuikapo chitsekerero pamwamba osamanga. Foni ikalira muli pakati pa ntchito, simudzathira kawiri m'botolo limodzi. Botolo la shuga wowirikiza ndilo limaphulika pakati pa anzake abwinobwino.

Uchi, madzi a zipatso ndi Sobo musagwiritse ntchito m'malo mwa shuga. Simungadziwe kuchuluka kwa shuga amene alimo, ndipo zina zili ndi mankhwala oletsa yisiti kugwira ntchito.

5. Thirani mabotolo kaye, kegi pambuyo

Ambiri amadzaza kegi kenako n'kuyamba kusakasaka mabotolo. Ine ndimachita mosemphana, ndipo ndikukulimbikitsani kutero. Mowa wotsiriza m'ndowa ndi umene wakhala nthawi yaitali pampweya, ndiponso ndi umene umakoka nsenga mukapendeketsa ndowa. M'kegi nsenga pang'ono sizivuta, zimakhazikika pansi n'kutuluka ndi tambula yoyamba. M'botolo laling'ono zimadetsa mowa wonse ndipo zimachititsa thovu losaletseka. Mukathira mabotolo poyamba, choipa chimene chingachitike n'chakuti kegi iperewera ndi theka la lita, ndipo zimenezo si vuto.

Ikani ndowa pamalo okwera maola angapo musanayambe, kuti nsenga zimene zavunduka ponyamula zikhazikikenso. Mowa woyamba kutuluka pa kampopi, pafupifupi kapu imodzi, umakhala wamatope. Umenewo upite mu chubu cha hydrometer kuti mulembe nambala yomaliza. Kenako lowetsani payipi mpaka pansi penipeni pa botolo, tsegulani pang'ono, mowa ukwere mwakachetechete kuchokera pansi. Musauthire kuchokera pakamwa pa botolo kapena kudzera m'fanelo, chifukwa thovu lililonse lobwera ndi kukhavukira ndi oxygen amene akulowa. M'botolo lagalasi siyani mpata wa zala ziwiri pamwamba, masentimita atatu kapena anayi, ndipo tsekani nthawi yomweyo. M'botolo lapulasitiki siyani mpata womwewo, kenako lifinyeni pang'ono mpaka mowa ufike pakamwa, mumange chitsekerero mukadali chifinyire. Likhala lopindika, koma gasi akayamba kupangika lidzawongoka lokha, ndipo oxygen wowononga mowa mudzakhala mutamutulutsa. Litembenuzeni kawiri mofatsa kuti shuga asakanikirane.

Ngakhale mabotolo anu onse ali agalasi, thirani limodzi lapulasitiki la 500 ml. Limenelo ndilo lidzakuuzani zimene zikuchitika mwa enawo.

Botolo losadzaza musalitseke n'kulisunga. Mpata waukulu ndi oxygen wambiri. Ngati mowa wotsala sukwana botolo, onani gawo 8.

Pothira m'kegi, dziwani pomalizira. Mukasuzumira mkati muona timapayipi tiwiri: kakatali kofika pansi ndi kotulutsira mowa, kakafupi ndi kolowetsera gasi. Mowa usafike pa kakafupiko. Ukakafika, tsiku lina gasi wa m'kegi akadzaposa wa m'payipi, mowa udzabwerera m'mbuyo mpaka mu regulator yowongolera mphamvu ya gasi wa mu silinda, chida chimene sichipezeka wamba m'masitolo a muno. Njira yosavuta ndi kuika kegi yopanda kanthu pa sikelo, kuibweza pa ziro, n'kusiya kuthira ikafika makilogalamu 18.5, popeza lita ya mowa imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Anthu amadzaza kegi mpaka pakamwa chifukwa chomvera chisoni mowa wotsala, koma inu muli kale ndi mabotolo.

6. Sungani pofunda pang'ono, mumdima, ndipo dikirani

Mabotolo asalowe m'firiji tsopano, yisiti igona isanadye shuga. Aimikeni chilili m'katoni yotseka kapena m'kireti yophimbidwa ndi thaulo lochindikala, pamalo a madigiri 20 mpaka 25. Katoniyo imatchinga kuwala, ndiponso botolo likasweka magalasi amathera momwemo. Pansi pa bedi kapena m'kabati ya m'chipinda chamkati ndi malo abwino. Kasitolo ka malata kopanda siling'i, galaja ndi buti ya galimoto ndi malo oipa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene masana kumapitirira madigiri 30.

Nthawi yake imatengera nyengo. M'miyezi yotentha botolo lapulasitiki limatha kuuma, kutanthauza kulimba ndi gasi, pasanathe sabata, komabe dikirani masiku 10 mpaka 14 kuti kakomedwe kakhazikike. Mu Juni ndi Julayi, pamene usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, perekani masabata atatu ndipo katoniyo muifunditse bulangeti, isakhale pasimenti. Mowa umene unakhala nthawi yaitali m'firiji usanathiridwe, kapena umene munauyeretsa ndi gelatin wokhazikitsa nsenga, umachedwerapo chifukwa yisiti yotsala ndi yochepa, koma umafika.

Tsiku lililonse finyani botolo lapulasitiki lija. Likauma ngati la Coca-Cola wosatsegula ndipo masiku akwana, ikani mabotolo m'firiji masiku awiri athunthu musanatsegule. Kuzizira kumalowetsa gasi mu mowa ndipo kumalimbitsa nsenga pansi. Magetsi akazima maola angapo musade nkhawa, mowa umene unasiya kuwira bwino suwonongeka ndi zimenezo. Pothira m'tambula pendeketsani botolo kamodzi kokha osalibweza, ndipo siyani chala chimodzi cha mowa pansi pamodzi ndi yisiti. La malita awiri likhuthulireni lonse m'jagi nthawi imodzi.

7. Ngati muli ndi carbonation cap

Aka ndi kachitsekerero kamene kamamangika pa botolo lapulasitiki la zakumwa za gasi, ndipo pamwamba pake pamalowa cholumikizira cha gasi chomwe chija cha kegi, cha mtundu wotchedwa ball lock. Munthu amene ali kale ndi silinda akagule kawiri kapena katatu akamaitanitsa katundu wina, pakuti ndi kotsika mtengo ndipo kamachotsa nkhani yonse ya shuga.

Thirani mowa monga ndafotokozera, koma siyani mpata wokulirapo, zala zinayi pa botolo la malita awiri. Finyani kuti mpweya utuluke, mangani kachitsekereroko, lumikizani gasi kuti botolo liwongoke, n'kuliika m'firiji mpaka lizizire kwambiri. Mowa wofunda sulandira gasi, ndiye musathamangire. Ukazizira, ikani regulator pa 30 psi (muyeso wa mphamvu ya gasi), lumikizani botolo lili chilili, ligwedezeni mphindi imodzi kapena ziwiri mukumva gasi akulowa, chotsani, libwezereni m'firiji kwa ola limodzi. Madzulo omwewo mukhala mukulawa mowa umene wa m'kegi udzafanane nawo sabata yamawa. Ngati simuli pachangu, lisiyeni cholumikiza pa mphamvu yomwe mumaika pa kegi. Matchati a miyeso ya gasi amati 12 psi pa madigiri 4 imapereka mavolume pafupifupi 2.5, koma chifukwa cha kukwera kwa Lilongwe onjezerani 1.5 kapena 2 psi. Botolo lagalasi musalilumikize ku silinda mwanjira iliyonse.

Ena amafunsa ngati angasunge mowa wotsala m'firiji kuti adzauwonjezere m'kegi ikatsikako. Mukatsegula kegi n'kukhuthuliramo, mwalowetsa oxygen mu malita onse otsala chifukwa cha malita awiri. Imwani wa m'botolo pawokha.

8. Theka la botolo ndi nsenga

Mowa wa mu chubu cha hydrometer musaubwezere m'ndowa. Ulaweni, ndipo lembani zimene mwamva, chifukwa pamenepa ndi pamene mumadziwira ngati muli kuwawasa kapena fungo lachilendo. Wotsala wosakwana botolo uikeni m'firiji n'kuugwiritsa ntchito mawa lake kukhitchini. Nyama ya mbuzi yoviikidwa mu mowa, adyo, tsabola wa kambuzi ndi mchere imafewa bwino isanapite pamakala, ndipo ufa wa tirigu wokandidwa ndi mowa umakutira bwino chambo chokazinga. Mowa wa hops wambiri umawawa ukaphikidwa nthawi yaitali, choncho mu supu ikani stout kapena mowa wina wosawawa.

Nsenga za pansi pa ndowa ndi yisiti yamoyo, ndipo kwa ife amene timadikira paketi ya yisiti kuchokera kunja, ndi chuma. Siyani mowa pang'ono pamwamba pake, zunguzani ndowa, thirani mu mtsuko wagalasi umene mwaupha tizilombo, vindikirani osamanga kwambiri kuti gasi azituluka, n'kuika m'firiji. Gwiritsani ntchito pasanathe masabata awiri, ndipo kapu imodzi imakwanira ndowa yotsatira. Chitani izi pokhapokha ngati mowawo unakoma bwino. Zotsala zipite pa kompositi, koma zikwirireni, pakuti hops ndi poizoni kwa agalu.

9. Botolo likauma msanga kapena likakana kuuma

Pulasitiki ikauma gwa pasanathe masiku awiri kapena atatu, makamaka kunja kusakutentha, china chalakwika: mowa unali usanasiye kuwira, shuga anachuluka, kapena mwalowa yisiti yakutchire imene imadya ngakhale shuga amene yisiti yanu inamusiya. Musadikire kuti muone. Valani magalasi oteteza maso ndi magolovesi, ana atuluke m'chipindamo, phimbani botolo lililonse ndi thaulo polinyamula, ndipo onse alowe m'firiji usiku wonse. Mawa lake tsegulani limodzi pa sinki. Ngati lasefukira, apulasitiki muwamasule pang'ono kuti gasi afwefwe n'kumanganso. Agalasi tukulani chitsekerero pang'onopang'ono, gasi atuluke, mutsekenso ndi chatsopano. Mabotolo amenewo akhale m'firiji mpaka atamwedwa, ndipo musapatse munthu kuti apite nawo kwawo.

Mukaona kamzere koyera kozungulira m'khosi mwa botolo pamene mowa walekezera, kapena mowa ukuwawasa pomwe wa m'kegi uli bwino, vuto linali pa kutsuka mabotolo, payipi kapena kampopi. Kampopi ka ndowa kamamasuka zidutswa ziwiri, ndipo litsiro limabisala pakati pake.

Pulasitiki ikakhalabe yofewa patatha masabata awiri, yambani mwayang'ana chitsekerero, chifukwa chakale chimene mphira wake wamkati watha chimatulutsa gasi. Ngati chili bwino, tembenuzani mabotolo kuti yisiti ya pansi ivunduke, asamutsireni pamalo ofundirapo, muwapatse sabata ina. Shuga wina musawonjezere mpaka mutatsimikiza kuti woyamba uja anadyedwa: tsegulani botolo limodzi, yezani ndi hydrometer, ndipo ngati nambala ili pamwamba pa imene munalemba tsiku lothira, shuga akadalimo ndipo chofunika ndi kufunda ndi nthawi basi.